Mawailesi a Reino

Ku Duluth chipale chofewa chafika m'mawondo.
Marlys Tervo wavala majuzi awiri m'galaja
momwe malemu mwamuna wake, Reino,
anasiya mawailesi akale mazana atatu,
ena osalankhula, ena otsokomola ukawayatsa.

Zaka zisanu ndi ziwiri wakhala akuwagulitsa
pa msika wa pa intaneti uja
wa anthu olimbirana mtengo mpaka mphindi yomaliza.
Msikawo umadya polowa, umadyanso potuluka.
Ukaika katundu, lipira.
Akagula, lipira.
Ndalama ikamabwera kwa iwe aiduliratu khutu panjira.
Iye amalemba zonse m'kope lofiira
ndipo pansi pa tsamba amakoka mzere kawiri
ngati womenyetsa chitseko.

Lachiwiri Eero, mwana wa mlongo wake, anaimba foni:
Azakhali, aja ofufuzira zinthu,
aja mumawafunsa za mankhwala a nyamakazi,
atsegula khomo.
Akuti aliyense alembe yekha chomwe ali nacho,
njinga, chipinda cha lendi, kaphikidwe ka nsomba,
osalipira kanthu. Akuti akungoyesa.

Akungoyesa.
Mawuwo anagona nawo mkamwa usiku wonse.
Woviika phazi m'madzi ndi amene akufuna kuwoloka.
Kale iwowa ankangoloza njira,
ukafunsa wailesi ya 1948
ankati pitani uko, khotani apo,
ngati mnyamata wa pamphambano wosapempha kanthu.
Lero wolozayo wayala chiguduli pamphambano pomwepo,
akuti tulani pano, ndikusungirani.
Ndani adzayendenso mpaka kumsika
njira yokhayo ikasanduka msika?

Komabe Lachinayi anapukuta imodzi,
ya matabwa ofiirira, yong'aluka pangodya,
naijambula pafupi ndi zenera.
Fomu inafunsa mtundu, chaka, mtengo.
Pomwe inafunsa mmene katunduyo alili, analemba:
Imalira bwino ikatenthedwa.
Reino ankamverapo nyengo asanapite kudoko.
Anafufuta chiganizo chachiwiricho.
Anakatenga khofi.
Atabwerako anachibwezera.

Sabata isanathe, msika wakale uja unamulembera kalata.
Bwenzi lathu lokondedwa, unatero,
mwezi uno tachepetsa msonkho ndi theka.
Zaka zisanu ndi ziwiri, bwenzi lero!
Marlys anaseka mpaka galu anadzuka.
Amati njovu zikalimbana wovutika ndi udzu,
koma pali masiku ochepa, zisanagundane mitu,
pamene zonse ziwiri zimaweramira udzuwo
n'kuufunsa ngati wadzuka bwino.

Wogula sanachokere kutali.
Odell Brekke, wokonza mabasi a sukulu tsidya la mlatho,
anafufuza dzina la wailesiyo pakati pa usiku
n'kupeza kuti ili misewu khumi ndi iwiri kuchoka pakhomo pake.
Anabwera ndi galimoto yodzaza mchere wothira mumsewu,
anavula magolovesi, anaiyatsa, anadikira.
Itatenthedwa inatsokomola kawiri
kenaka munthu wina mkatimo anati mawa kuzizira koposa.
Odell anawerenga madola makumi asanu ndi atatu m'dzanja lake,
athunthu, makutu onse alipo.

Madzulo anatsegula kope lofiira.
Pamalo a msonkho analemba ziro,
nayang'ana ziroyo nthawi yaitali.
Linali ngati diso.
Tsopano aja olozera njira akudziwa zomwe zili m'galaja mwake,
akudziwa msewu, mtengo, ngakhale dzina la Reino,
ndipo sanapemphe kalikonse.
Nsomba nayo siuzidwa mtengo wa nyambo.

Sanakoke mzere pansi pa tsambalo.
Mawa adzaika ziwiri kumsika wakale, ziwiri kwa atsopanowa,
aone amene ayambe kutopa ndi ulemu.
Anazimitsa nyale ya m'galaja.
Pashelefu panatsala malo amakona anayi opanda fumbi,
ndipo mawailesi mazana awiri ndi makumi asanu ndi anayi kudza asanu ndi anayi
anakhala chete mumdima, kudikira kufufuzidwa.